Kapitao ndi Manijala: Mau Otsika ndi Mau Okwera

Khalani bwino m'malo mwanu, ndipo mabuku anu akhale pafupi, pakuti pa mapeto a nkhani yathu padzakhala mafunso.

Lero tikamba za anthu awiri amene apezeka pa nchito iri yonse yaikulu. Woyamba ndi kapitao, ndiye amene amaima pamodzi ndi anchito pa malo eni-eni pamene nchito icitikira. Waciwiri ndi manijala, amene amakhala mu ofesi nayang'anira nchito yonse. Ambiri a inu muli ndi atate, amai kapena amalume amene ali akapitao. Ena a inu mudzakhala akapitao mukadzakula, ndipo ena mudzakhala mamanijala. Tsono funso lathu ndi ili: kodi anthu awiriwa ayenera kukhalitsana motani? Yankho lace tikalifuna ku migodi ya mkuwa, cifukwa kumeneko dziko lathu linaphunzira phunziro limeneli ndi misozi.

Kapitao ndani?

Liu lakuti kapitao silinabadwire m'Cinyanja. Linacokera ku Cipwitikizi, kumene liu lakuti capitão litanthauza mtsogoleri wa gulu la anthu. Apwitikizi anacita malonda zaka zambiri m'cigwa ca Zambezi, ku Tete, ku Zumbo ndi ku Feira, kumene lero tichula kuti Luangwa, ndipo mau ao ena analowa m'cilankhulo cathu. Mtsogoleri wa amtengatenga pa ulendo anali kapitao. Pambuyo pace, woyang'anira anchito m'minda ya fodya ya Azungu yozungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, nayenso anachedwa kapitao, monganso woyang'anira gulu lolambula mseu.

Masiku ano maina acuruka. Pa nchito yomanga nyumba amati folomani. M'cipatala ndi namwino woyang'anira wodi. M'minda ya nzimbe ya ku Nakambala, ku Mazabuka, ndi iye amene amagawira odula nzimbe mizere yao. Koma malo a munthuyu ndi amodzi-modzi: pamwamba pace pali bwana, pansi pace pali anchito, iye ali pakati.

Kumudzi malo otere tiwadziwa bwino. Mfumu ikafuna kuti anthu akonze mlatho, siyenda khomo ndi khomo, imatuma nduna. Ndipo anthu akakhala ndi dandaulo, salowa m'nyumba ya mfumu cilowere. Amadzera kwa nduna yomweyo. Motero nduna imasenza mitolo iwiri. Wina ndi wa mau otsika, ocokera kwa mfumu kunka kwa anthu. Wina ndi wa mau okwera, ocokera kwa anthu kunka kwa mfumu. Gwirani mau awiriwa, ana inu, pakuti nkhani yathu yonse yagona pamenepo.

M'mawa pansi pa mgodi

Tiyeni titsike pansi pa mgodi m'maganizo mwathu. Anchito abvala zisoti zolimba zokhala ndi nyale pamphumi, nalowa m'cikepe cimene ciwatsitsa pansi mamita mazana ambiri. Gulu limene linagwira nchito iwo asanafike linaboola mwala, naikamo dainamaiti, niphulitsa. Tsopano miyala yosweka iri mbwee, iyenera kulaishidwa ndi kutulutsidwa.

Koma palibe munthu aloledwa kuyamba nchito kapitao asanaone malowo. Ayamba waonetsetsa kuti utsi wa dainamaiti watha, pakuti utsiwo umapha. Alamula kuti athire madzi pa miyala, kuti fumbi lisalowe m'mapapo a anthu. Afunafuna ngati pali bowo limene silinaphulike. Kenaka atenga citsulo cacitali nagogoda denga. Mwala wolimba umalira ngwee, koma mwala umene walekana ndi unzace umalira bu-bu-bu, ngati ng'oma yonyowa. Wotero ayenera kuugwetseratu, kapena kuucirikiza, usanagwere munthu.

Pamwamba pa kapitao ameneyu pali makwerero a mabwana. Pali shift boss, amene amayendera magulu angapo nalemba m'buku zimene waona. Pamwamba pace pali mine captain, pamwambanso manijala wa nchito za pansi, mpaka kukafika kwa manijala wamkulu wa mgodi wonse.

Tsono taonani kusiyana kwa anthu awiri athu aja. Manijala amauona mgodi pa mapu ndi m'ziwerengero. Adziwa kumene mkuwa walowera pansi pa nthaka, adziwa ndalama zimene zatsala, adziwa mtengo wa mkuwa pa msika wa ku London, adziwanso mapampu angati ali kutulutsa madzi. Zimenezi kapitao sazidziwa. Koma kapitao adziwa kulira kwa denga la m'mawa uno. Adziwa kuti madzi amene dzulo anali kudontha lero ali kuyenda. Adziwa wanchito amene wabwera wosagona cifukwa mwana wace wadwala. Zimenezi sizilembedwa pa mapu. Akulu anati, wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Ali yense wa awiriwa ali ndi diso limodzi. Akagwirizana, mgodi uli ndi maso awiri; akadana, mgodi uyenda mwakhungu.

Mau otsika moipa

Migodi yaikulu ya ku Copperbelt inayamba kutulutsa mkuwa m'zaka za m'ma 1930: Roan Antelope ku Luanshya mu 1931, kenaka Nkana ku Kitwe, Mufulira mu 1933, ndi Nchanga ku Chingola mu 1939. Inali m'manja mwa makampani awiri, Anglo American ndi Rhodesian Selection Trust. Amuna anacokera ku mbali zonse kudzafuna nchito, Abemba, Alozi, Alamba, Ansenga, Angoni, Acewa, ena kucokera ku Nyasaland ndi ku Tanganyika.

M'masiku amenewo mamanijala onse anali Azungu, ndipo lamulo la pa nchito linali lakuti munthu wakuda sangalamulire Mzungu. Kapitao wakuda, ngakhale akhale ndi imvi ndi ana asanu ndi awiri, anali kuchedwa boss boy, ndiko kuti mnyamata wa bwana. Cilankhulo ca pansi pa mgodi cinali Cikabanga, cimene ena amati Cilapalapa. Cinali cokwanira kunena kuti nyamula ici, bwera kuno, fulumira. Koma sicinali cokwanira kuti munthu afotokoze za mumtima mwace. Cinali cilankhulo ca mau otsika okha-okha.

Makampani anaona kuti pafunika njira yomvera anchito. Mu 1931, ku Roan Antelope, anayamba kusankha akulu a mitundu m'komboni, kuti mtundu uli wonse ukhale ndi woulankhulira. Akuluwa anathandiza kuweruza milandu ya m'mabanja ndi kulandira alendo ocokera kumudzi. Koma za malipiro ndi za nkhanza za pansi pa mgodi analibe pa izo mphamvu.

Mu Meyi 1935 Boma la atsamunda linakweza msonkho wa anthu a ku migodi kucokera pa masheleni 12 ndi susu kufika pa masheleni 15. Nkhani yolemera yotere inafunika kukhalira pansi ndi kufotokozedwa bwino. Koma ku Mufulira apolisi a pa mgodi anangoyenda m'komboni nafuula kuti msonkho wakwera. Anthu amene anali kale ndi madandaulo a malipiro ocepa, cakudya cosakwanira ndi kunyozedwa anataya zitsulo pansi. Sitalaka inayamba ku Mufulira, nifika ku Nkana, nifikanso ku Luanshya, kumene apolisi anaombera mfuti, ndipo anthu 6 anafa. Pa nthawiyo anchito sanafune kumvera akulu a mitundu aja, pakuti anawaona ngati anthu a kampani. Mu 1940 kunabukanso sitalaka, ndipo ku Nkana anthu 17 anataya miyoyo yao.

Mabwana ambiri anadabwa ndi mkwiyo umenewu. Anadabwa cifukwa ninji? Cifukwa njira ya mau okwera inali yotsekeka. Madandaulo anali kuwira pansi ngati mphika wobvundikira, ndipo a mu ofesi anadzamva pamene cibvundikiro cinauluka.

Kodi kapitao ndi wa yani?

Itatha sitalaka ya 1940, anthu anaona kuti amene adziwa zeni-zeni za pa nchito ndi akapitao. Motero mu 1942 panakhazikitsidwa makomiti a akapitao, oti azikambirana ndi mabwana. Mu 1949 anchito akuda a migodi yonse anapanga bungwe lao limodzi, lochedwa African Mineworkers' Union, ndipo mtsogoleri wace anali Lawrence Katilungu. Mu 1953 anchito anaponya voti, nathetsa udindo wa akulu a mitundu uja.

Koma m'caka comweco ca 1953 panabadwa bungwe lina, Mines African Staff Association, la makalaliki ndi ena a maudindo okwererapo. Makampani anagwirizana nalo, nafuna kuti akapitao ndi makalaliki azilandira malipiro a pa mwezi, osati a tikiti monga anzao, ndi kuti aturuke m'bungwe la anchito. Apa panabuka mkangano waukuru. Anchito anati akapitao ndi athu, timatsika nao cikepe cimodzi, denga likagwa litigwera tonse. Makampani anati munthu woyang'anira anzace ali mbali ya bwana. Mu 1956 kunacitika masitalaka otsatana-tsatana, mgodi uwu ukaleka wina uyamba, kufikira mu Seputembala Boma linalengeza lamulo la nthawi ya cipwirikiti, nimanga atsogoleri ambiri a bungwe la anchito.

Taganizani za kapitao wa masiku amenewo. Akalandira malipiro a pa mwezi, anzace a m'komboni amuyesa wogulitsa abale. Akakana, bwana amuyesa wosakhulupirika. Funso lakuti kapitao ndi wa yani silinathe ndi utsamunda. Liripo mpaka lero pa nchito zambiri. Yankho limene ife tipereka ndi ili: kapitao wabwino sali wa bwana yekha, ndipo sali wa anchito okha. Iye ndi wa nchitoyo, ndi wa miyoyo ya anthu amene aigwira. Mlatho umene wakhazikika tsidya limodzi lokha suolotsa munthu.

Udindo wopanda mphamvu

Dziko lathu litalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, Boma linafuna kuti nchito za maudindo, zimene zinali za Azungu okha, zipatsidwe kwa eni dziko. Azambia anayamba kukhala ma shift boss ndi ma mine captain. Inali nkhani yokondweretsa, koma munali munga m'kati mwace.

Munthu wina wophunzira za kakhalidwe ka anthu, Michael Burawoy, anagwira nchito ku migodi kuyambira mu 1968, napenyetsetsa mmene kusinthaku kunali kuyendera. Buku lace, The Colour of Class on the Copper Mines, linaturuka mu 1972. Iye anapeza kuti kawiri-kawiri Mzambia akakwezedwa, Mzungu amene anali pa malowo sanali kucoka. Anali kumupangira mpando wina watsopano pamwamba pace, ndipo iye pokwera anali kutenga mphamvu zace zonse kunka nazo. Mzambia anali kutsala ndi dzina, ndi cisoti ca ubwana, koma wopanda mphamvu yolamula zipangizo kapena yothetsa dandaulo la wanchito.

Cotsatira cace mungathe kuciona nokha. Anchito akapempha kanthu kwa bwana wao watsopano, iye sangathe kuwapatsa. Iwo ayamba kumupeputsa, namati bwana wakale anali bwino. Iye poona kuti apeputsidwa ayamba kukalipa, kuti aoneke wamphamvu. A pamwamba nao ayamba kunena kuti taonani, walephera. Koma munthuyo anapatsidwa khasu lopanda mpini, nauzidwa kuti alime.

Phunziro limeneli ndi la mamanijala onse, a khungu liri lonse ndi a nthawi iri yonse. Migodi yasintha eni kangapo: Boma linatenga magawo 51 pa 100 kuyambira mu 1970, ZCCM inapangidwa mu 1982, ndipo pofika mu 2000 migodi yaikulu inali itagulitsidwanso kwa makampani. Lero mkuwa wambiri ucokeranso ku Kansanshi, ku Lumwana ndi ku Kalumbila. Koma lamulo lace silinasinthe: ukapatsa munthu mlandu woyankha, umpatsenso mphamvu yocitira.

Mau okwera

Tsopano tafika pa tsiku limene anthu a ku Mufulira alikumbukira mpaka lero. Miyala ya mkuwa ikaturuka pansi, amaipera ikhale ngati ufa, nacotsamo mkuwa ndi madzi ndi mankhwala. Cotsala ndi matope osalala, ndipo amawathira m'madamu akuru. Ku Mufulira matope otere anathiridwa kwa zaka zambiri pa nthaka imene pansi pace anthu anali kukumba. Pamene miyala inali kucotsedwa pansi, nthaka ya pamwamba inali kutitimira pang'ono-pang'ono.

Usiku wa pa 25 Seputembala 1970, nthaka inabooka, ndipo matope aja anakhuthukira mu mgodi ndi mphamvu yoopsa, nadzaza njira za pansi. Anthu 89 amene anali pa nchito ya usiku anafa. Imeneyi ndiyo ngozi yaikulu koposa zonse m'mbiri ya migodi ya dziko lathu.

Ngoziyi sinadze yosagogoda. Kwa zaka ngati ziwiri isanacitike, maenje anali kuoneka pa damu la matope, ndipo pansi pa mgodi matope anaturukako pang'ono m'malo ena. Zizindikirozi zinaoneka, koma sizinasonkhanitsidwe pamodzi ndi kuyesedwa monga mwa kulemera kwace, ndipo nchito inapitirira. Sitinena izi kuti tiloze munthu cala. Tinena kuti muone kuti kanthu kakang'ono kamene wa pansi waona kangathe kukhala nkhani yaikulu koposa zonse za pa tebulo la manijala.

Tiyerekeze tsono kuti kapitao wina, pa mgodi wina uli wonse, wagogoda denga, ndipo lamuyankha moipa. Aturutsa anthu ace, nakwera kukaonana ndi manijala.

"Bwana, ndaimitsa nchito kumalo kwanga. Denga silinandikondweretse, ndipo madzi acuruka kuposa dzulo."

Manijala woyamba ayang'ana pa khoma pamene palembedwa matani a mwezi uno, naona kuti aperewera. "Iwe kapitao, masiku onse uli ndi cifukwa. Anzako ali kuturutsa miyala, iwe uli kuturutsa mau. Bwerera, anthu ako akataya bonasi udzawayankha wekha."

Kapitaoyo abwerera. Mwina tsiku limenelo denga siligwa. Koma iye waphunzira cinthu cimodzi: kuti ku ofesi sikupitidwa ndi nkhani yoipa. Mawa akadzaona mng'alu adzakhala cete. Kuyambira tsiku limenelo manijala uja wagontha khutu, ndipo walitseka yekha.

Manijala waciwiri aika colembera pansi. "Mwacita bwino, a kapitao. Khalani apa, mundiuze: madziwo ali kuturukira mbali iti? Ndi oyera kapena amatope? Anthu anu muwapatse nchito yina lero. Ine nditsika nanu pamodzi ndi woyesa miyala, tikaone."

Mwina akapita akapeza kuti denga liri bwino, ndipo tsiku lapita pacabe. Koma manijala ameneyu wagula cinthu ca mtengo wapatali ndi tsiku limodzi: kapitao amene sadzamubisira kanthu. Pajatu wakutsina khutu ndi mnansi.

Malamulo a dziko lathu anazindikira zimenezi. Lamulo la umoyo ndi citetezo pa nchito la m'caka ca 2010 linalamula kuti pamene pali anchito 10 kapena kuposerapo pakhale komiti ya citetezo, momwe oimira anchito ndi oimira olemba nchito akhalira pamodzi. Koma lamulo lingathe kumanga bwalo cabe. Silingathe kutsekula pakamwa pa munthu wamantha, kapena khutu la munthu wonyada.

Mangawa a ali yense

Tsono manijala ali ndi mangawa anji kwa kapitao wace? Ayenera kumuuza cifukwa ca lamulo, osati lamulo lokha, pakuti kapitao ndiye adzafunsidwa ndi anchito, ndipo munthu sangafotokoze cimene iye mwini sanacimve. Ayenera kumupatsa zipangizo ndi mphamvu zolingana ndi udindo wace. Asamudzudzule pamaso pa anthu amene iye awayang'anira. Colakwa cikambidwe kuseri, ciyamiko cinenedwe poyera. Asamulumphe ndi kukalamula anchito mwini yekha, kapena kusunga akazitape pakati pao. Azitsika kukaona nchito ndi maso ace. Ndipo koposa zonse, azilandira nkhani yoipa ndi manja awiri.

Nanga kapitao ali ndi mangawa anji kwa manijala? Ayenera kunena zoona, ndi kuzinena msanga. Kapitao amene amayankha kuti zonse ziri bwino, bwana, pamene zinthu ziri kuonongeka, ali ngati mlonda woona moto nakhala cete kuti asadzutse mwini nyumba. Ngati lamulo aliona lolakwika, anene maganizo ace mu ofesi, mwaulemu ndi mopanda mantha. Akagwirizana, apereke lamulolo kwa anchito monga liriri, osaonjezera ukali wace, ndiponso osanena kuti ine sindifuna, koma ndi aja a mu ofesi. Asagwiritse nchito dzina la bwana poopseza anthu kapena pofuna mphatso. Asabise colakwa ca mbale wace ndi kukuza ca munthu wa mtundu wina. Ndipo pali lamulo limodzi limene ayenera kulikana, ngakhale licokere kwa yani: lamulo loika moyo wa munthu pa ngozi.

Pa sukulu pathu

Mwina wina wa inu ali kunena kuti, ife kuno kulibe mgodi. Koma makwerero omwewo alipo pa sukulu panu. Pali monitala wa kalasi, pali mapulifeketi, pali aphunzitsi, pali aciwiri kwa aphunzitsi akulu, pali aphunzitsi akulu, ndipo pamwamba pao pali ofesi ya maphunziro ya m'boma lanu. Aphunzitsi akulu amene pa sukulu ali manijala, akafika ku ofesi ya maphunziro asanduka kapitao. Pafupi-fupi munthu ali yense wa udindo ali ndi womulamula ndi wowalamula.

Tsiku lina ndinafika pa sukulu yina kukaona mmene ana amverera maphunziro a pa wailesi. Aphunzitsi akulu anandilandira bwino, nanditsimikizira kuti ana amvera sabata iri yonse. Titapita ku kalasi tinapeza kuti wailesi inafa kale-kale, ndipo m'kati mwace mavu anali atamangamo. Ana anadziwa, monitala anadziwa, mphunzitsi wa kalasi anadziwa. Wosadziwa anali mmodzi yekha, ndiye amene anali ndi mphamvu yoikonzetsa. Nditafunsa mphunzitsiyo pambali, anandiyankha motsitsa mau kuti, "Akulu aja nkhani yotere saikonda, akadati ndaiononga ndine." Wailesi ndi cinthu cacing'ono. Koma bwanji cikadakhala cimbudzi cong'aluka pansi, kapena mtanda wa denga wodyedwa ndi ciswe?

Cifukwa cace, iwe monitala, nchito yako sindiyo kulemba maina a olongolola pokha. Ukaona khoma lang'aluka, ukaona mnzako ali kuzunzidwa ndi ana akulu, ukaona wina wakhala masiku atatu wosabwera, kauze aphunzitsi. Kumeneko si ukazitape. Kazitape amanena mobisa kuti mnzace apwetekeke. Kapitao wabwino amanena poyera kuti anzace apulumuke. Ndipo inu aphunzitsi, mwana akabwera ndi nkhani yotere, yambani mwamuthokoza musanamufunse mafunso. Ana amene muwaphunzitsa lero ndiwo adzagogoda madenga a migodi mawa, ndipo ena adzakhala pa mipando ya mu ofesi. Kulimba mtima konena zoona, ndi kudzicepetsa komvera wamng'ono, adzaziphunzira kwa inu. Mutu umodzi susenza denga.

Nthawi yathu yatha. Mverani mafunso, ndipo muwayankhe pamodzi ndi aphunzitsi anu.

Mafunso

1. Kodi liu lakuti kapitao linacokera ku cilankhulo citi?
2. Chulani zinthu zitatu zimene kapitao amacita pansi pa mgodi anthu asanayambe nchito.
3. Kodi mau otsika ndi ciani, ndipo mau okwera ndi ciani? Perekani citsanzo ca pa sukulu panu.
4. Cinayambitsa sitalaka ya mu 1935 nciani? Kodi nkhani ya msonkho ikadaperekedwa motani?
5. Fotokozani tanthauzo la mau akuti, anapatsidwa khasu lopanda mpini.
6. Kodi cinacitika nciani ku Mufulira pa 25 Seputembala 1970?

Kwa aphunzitsi

Nkhani itatha, jambulani makwerero pa bolodi, ndipo ana alembepo maudindo a pa sukulu panu kuyambira pansi kufika pamwamba. Pambali pace ajambulenso makwerero a kumudzi, kuyambira pa banja kufika kwa mfumu yaikulu. Sankhani ana atatu acite sewero la kapitao ndi mamanijala awiri aja, ndipo kalasi iweruze. Ngati pafupi ndi sukulu pali munthu amene anagwirapo nchito ku migodi, pa famu kapena pa mseu, mupempheni adzaceze ndi ana, ndipo iwo amufunse za bwana amene amukumbukira koposa, ndi cifukwa cace. Potsiriza, yendani ndi ana kuzungulira sukulu, ali yense apeze cinthu cimodzi cofunika kukonzedwa, ndipo monitala akapereke mndandandawo kwa aphunzitsi akulu.

Tsalani bwino ana inu, tsalani bwino aphunzitsi. Tidzakumananso sabata ya mawa pa nthawi yomwe ino.